Anyezi Atatu a Leti

Halale, 9 Malichi 1913

Achemwali a Rute,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathu ku Likhubulako. Kodi amayi mwendo uja unaphwa? Ine kuno ndili moyo, ngakhale ndamva kuti ena kumeneko anandiika kale m'manda.

Samueli wa ku Limbuli anafika kuno sabata yatha. Wandiuza kuti amalume ake a mkazi wanga Leti, mlamu wanu, akuti ine ndine mtchona, ndipo akangokolola chimanga athetsa ukwati wathu. Chimvereni zimenezo mutu wanga sukugwira. Dzulo ndinathirira maluwa amodzimodzi kawiri. Zoona, dzinja ladutsa kawiri ine osalemba. Koma ndikadalemba chiyani? Anzanga a ku mgodi amatumiza mabulangete. Ine ndimasamala anyezi wosadyedwa.

Musaseke, achemwali. Ndimagwira m'dimba la maluwa kwa dona wina wachizungu. Ali ndi anyezi wochokera kutsidya la nyanja, amene akuti kwawoko amangomera yekha m'miyala ya m'mapiri. Fungo ndi la anyezi ndithu. Nditafunsa kuti tidzakumba liti kuti apite ku khitchini, dona anaseka mpaka misozi, nati ameneyu ndi wongoyang'ana. Amatulutsa phesi lalitali kufika m'bondo, pamwamba pake duwa lozungulira ngati chibakera cha mwana, mtundu wake wa maluwa a mbatata. Kukongola ndi kokongoladi. Koma kulima chinthu kuti uzingochiyang'ana, mpaka lero sindikumvetsa.

Chaka choyamba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Maluwa atatha, masamba anayamba kufota. Ine ndinati akudwala, ndipo ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, ngati mmene tichitira ndi mpiru. Anaola pafupifupi onse. Dona anakalipa kuti masamba akauma ndiye kuti anyeziyo wagona, ndipo kumusamala kwake ndi kungomusiya. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinangoti za azungu. Chaka chatha ndinamusiya wouma, n'kumaona ngati ndikulondera manda. Nthawi itakwana, anaphukadi, komanso ndi ana m'mbali.

Mwa anawo dona wandipatsa atatu. Ndawaika mumchenga m'kachitini ka tiyi, kabwera ndi munthu yemwe wanyamula kalatayi. Pempho langa ndi ili: mukapereke kwa Leti m'manja mwake, ndipo mumuwerengere zonse, amalume akewo ali pomwepo.

Adzale mvula ikatha, kuzizira kukayamba. Ameneyu amakonda chisanu, ndiye kunsi kwa phiriko akondwa kuposa kuno. Asadzale kudambo ayi. Aunde kamtumbira poti pamawomba dzuwa tsiku lonse, asakanize dothi ndi mchenga wa mu Likhubula ndi timiyala, kuti chiperoni chikagwa madzi asaime. Dzenje likhale lakuya ngati chala chapakati, kosongoka kwa anyeziyo kuloze kumwamba. Madzi pang'ono, dothi likauma gwa. Mbuzi ndi mfuko akuti sizimukonda, koma mbuzi za atsibweni sindizikhulupirira, atchinge ndi minga. Maluwa akatha asadule masamba, aume okha. Mvula isanayambe akumbe, asunge mumchenga wouma pamthunzi.

Adzachita maluwa kutentha kukayamba, cha mu Okutobala. Mwezi womwewo ndi pamene chitupa changa cha ntchito chikutha. Muwapemphe amalumewo adikire kufikira pamenepo basi. Duwalo likafota ine ndisanafike, achite zimene afuna, sindidzadandaula kwa ankhoswe.

Apa ndi pamene ndasokonezeka. Samueli akuti ndapenga, mkazi satumiziridwa anyezi, ndipo m'mudzi adzandiseka mpaka ana. Mwina akunena zoona. Ndinkaganiza kuti Leti akudziwa yekha kuti ndilipo, ngakhale ndili chete. Anyezi ndinamupha ndi madzi, ndiye mwina ndinatengera phunzirolo polakwika, n'kumusiya munthu wouma zaka ziwiri. Ndili ndi mantha, achemwali, ndipo ndimamufuna mkazi wanga. Mawu amenewa muwerenge mokweza, musawalumphe.

Poyankha musavutike ndi zambiri. Mungondiuza chimodzi: kaya wadzala, kaya wawadulira m'ndiwo. Akawadulira m'ndiwo ndidzamva, koma mundiuzeko kakomedwe kake, poti ine sindinalawepo.

Mupereke moni kwa amayi, kwa atsibweni ndi mbuzi zawo, kwa alamu anga amuna anu, ndi kwa ana onse. Apongozi anga muwapatse moni mogwada, m'malo mwanga. Kwa Leti sindikudziwa kuti moni wake ndinene bwanji, mungomupatsa kachitiniko.

Tsalani bwino.

Ndine mchimwene wanu, wouma masamba okha,
Bonifasi