Mayi Muhiwa Akana Kuwolotsa Ana

Lachitatu madzulo. Mtima wakhala pansi tsopano. Mwana wanga Yankho wadya, wagona.

Masana sanabwere kuchokera kusukulu ya mkaka, tsidya la mtsinje. Kuno mvula sinagwe, koma kuphiri la Michesi kunali bii ndi mitambo. Ndinathamanga opanda ndi nsapato zomwe. Ndinapeza azimayi anzanga pamtsinje akukuwa. Tsidya linalo Mayi Muhiwa, apampando a komiti ya sukuluyo, anali ataima panjira atatambasula manja, ana ali kumbuyo kwawo.

Madzi anali olekeza m'mapazi basi. Nanenso ndinakuwa, "Amayi, tipatseni ana athu! Kodi munabereka ndinu?"

Iwo anati, "Nditukwaneni, koma pano sawoloka mwana. Inunso musayerekeze. Madziwa afiira, kuphiri yagwa."

Tili mkati molongolola tinamva mkokomo. Madzi anatsika ndi zitsa, mwala umene ana amapondapo uja osaonekanso. Tonse kukamwa yasa.

Madzi atachepa, azibambo anawolotsa ana pamapewa. Mayi Muhiwa anawoloka pomalizira n'kukhala pansi. Ndinagwada n'kunena kuti mwachita bwino amayi, pepani.

Akuti, "Usandiyamikire chifukwa choti madzi abwera, mwanawe. Akanapanda kubwera, bwenzi pano mukuti ndine wamisala, chonsecho ndikanachita zomwezi. Chikundiwawa n'choti utakuwa iwe muja ndinatsala pang'ono kuwalola."

Ndakhala ndikumuyang'ana Yankho akupuma. Ambuye zikomo kuti amayi aja sanandimvere. Akanandimvera, mwana wanga akanakhala ali pamwala paja pamene madzi aja ankafika.