Mkazi Mnzanga Saoneka ndi Maso

Bowie, Maryland
Malichi 1988

Mlamu Anjimile,

Muli bwanji ku Ntcheuko? Mwendo wa amayi uja unapola? Kuno ana ali bwino, chatikwana ndi chisanu.

Kalata yanu ndalandira, ndipo sindikubisirani, yandipsetsa mtima. Mwati mchimwene wanu Fryson ndinamudyetsa khuzumule, n'chifukwa chake sanabwere kumaliro a bambo ake. Khuzumule wake uti? Ndikanakhala naye, bwenzi munthuyu akumadyera pakhomo.

Mkazi mnzanga alipo ndithu, dzina lake akisiyoni. Ndi kanthu kochepetsetsa kuposa atomu kamene Fryson ndi anzake akusakasaka m'labotale ya kuyunivesite, koma palibe munthu anakaonapo. Ali ndi chimaginito chimene amachiziziritsa masabata angapo, kenako n'kumadikira kuti kanthuko kasanduke kuwala.

Telegalamu ya maliro inafika chimaginitocho chitangozizira. Ndinamugwadira, ndinalira. Anandiyankha kuti akachisiya chitentha, ndipo ngakhale apite bambo sadzuka. Mawu amenewo ndi ake, osati anga.

Chaka chatha nyenyezi ina inaphulika kutali kumwambaku. Akatswiri atawerengera anati akisiyoni wa msinkhu umene Fryson ankafuna kulibe, chifukwa akanakhalapo nyenyeziyo ikanazirala msanga. Tsiku limene anamva zimenezi ndinamupeza m'galimoto panja, akusisima ngati mwana. Bambo ake sanawalire chotero. Mumtima ndinati basi, tipita kumudzi. Kutacha anandiuza kuti mwina kanthuko n'kopepuka kuposa mmene ankaganizira, ayambiranso.

Zonsezi ndimazimeza ndekha, inu muli phee kwanuko kulaula mtengwa. Mchimwene wanu mumamuopa, ndiye mwaona ine poti ndine wobwera.

Popeza pakamwa panu sipatopa, pitani kwa amalume a Ackim, nkhoswe yathu. Amulembere okha Fryson, ine sandimva. Ogasiti akubwerayu mukumanga chiliza cha bambo, ndipo ine ndi ana tidzabwera. Akapanda kutsika nafe ndege ku Lilongwe, ankhoswe adzakhale pansi, ine kuno sindidzabwereranso. Pamenepo mudzalembere kalata akisiyoniyo, mudzamufunse chimene anamudyetsa mchimwene wanu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti adzukulu awo adzawaona ndi maso. Mulungu akusungeni, ngakhale mwandilakwira.

Ndine mlamu wanu,
Flossie