Mamita Awiri a Apongozi

Lolemba, 3 Malichi

A Ndevu, pulofesa wathu, akalipanso mu labu mpaka malovu pa sikirini. Makinawo ndi osavuta: timadzaza magetsi a mavoti 20,000 m'chingwe chokulunga pa dilamu, swichi n'kuthetheka, magetsi onse n'kutuluka kamodzi, phaa! Nthawi yake imalamulidwa ndi kutalika kwa chingwe: mita imodzi, mananosekondi khumi. Chathu n'cha mamita 20, ndiye pazituluka 200. Pakutuluka 180.

Akuti wolakwa ndi Chete, mtsikana wa digiri yachiwiri uja, masamu ake ngongolota. Zikapanda kulongosoka pofika Lachisanu, amuchotsa pa kafukufukuyu.

Ine tekinishani ndinangopukuta sipanala yoyera kale.

Lachiwiri, 4 Malichi

Pano ndinene, kope silikandinenera. Mamita awiri osowa pa chingwecho ndinadula ndine, mu Disembala. Apongozi ankadandaula kuti TV yawo ikungoonetsa mchenga, ikufunika waya wa eriyo. Ndinati adzayeze ndani chidilamu chonsecho? Ndinaiwala kuti magetsi amayeza okha, asatana amenewa.

TV yakeyo ikuonetsabe mchenga.

Lachitatu, 5 Malichi

Chete wasintha swichi kawiri, wapukuta zolumikizira zonse. 180. A Ndevu amuimbira nyimbo yawo ija, yoti m'nthawi yawo ankalumikiza makapasita ndi makoyilo pamanja, opanda kompyuta. Mwina ankaphanso mikango popita kusukulu.

Mwanayo sanadye masana. Ndamugawira buledi wanga, wathokoza ndi manja awiri. Zandipweteka, bola akanandityola khosi.

Mayi akunyumba akuti ndikaulula ntchito yatha, ndipo ndisayerekeze kutchula amayi awo.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndili ndi mantha, ndisaname.

Chete anabwera ndi tepi yoyezera. Anazimitsa makina, kukhudzitsa ndodo yochotsera magetsi otsalira, kenako anandipempha mwaulemu kuti timasule chingwe chonse m'khonde. Iye anagwira koyambira, ine anandipatsa mbali ya manambala. Ali patali uko, sakanaona chilichonse. Ndikanatha kungoti twente.

"Zakwana zingati, bambo?"

"Eyitini," ndinatero, mawu ngati a nkhuku yonyowa.

Anabwera akukulunga tepi, osadabwa n'komwe.

"Ndinayeza kale dzulo madzulo. Pomwe anadulapo anamatapo bwino kwambiri, mamatidwe anu aja. Ndimafuna muwerenge nokha."

Kenako anandiuza kuti a Ndevu ali mu ofesi mpaka folo koloko, n'kubwerera pa mpando wake.

Pano ndi kota tu folo. Ndavula ovolosi, ndavala jekete.