Lachinayi Kanya Sagwada

Okondedwa Azakhali a Bunruean,

Ndikhulupirira mwendo uja ukupola. Kuno ku Lampang mvula yayamba, tili bwino.

Lachinayi ndi tsiku lothokoza aphunzitsi. Mwana wanga Kanya amusankha kunyamula mbale ya maluwa a mabiringanya ndi kapinga, ayende chogwada mpaka pamapazi a Aphunzitsi Prasit. Ndakana. Aphunzitsi aakulu akuti, "Mayi, mwana wosagwadira aphunzitsi nzeru sizimera." Ine ndati, "Zisamere!"

Ndisabise, azakhali, tchimo lonyoza mphunzitsi ndikuliopa. M'mawa uliwonse ndimapereka mpunga kwa amonke a kukachisi kwathu. Koma zimene Kanya wandiuza kuti Prasit ameneyo anamuchita atamutsekera m'kalasi anzake ataweruka, sindingazilembe.

Maluwawo tikapereka kwa Aphunzitsi Wilai, amene anamuphunzitsa kuwerenga. Kumeneko tikagwada tonse awiri. Mudzandikalipire mukabwera.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Duangjai