Dzina Limene Ndinadula ndi Rula

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza ukupezako bwino. Kodi mwendo uja wayamba kupondeka? Ine ndilipo, kungoti mwa masitepe khumi ndi awiri a nyumba ino, maondo amayamba kudandaula pa yachisanu ndi chiwiri.

Nkhani ndi ya kalabu ya atsikana ya mpira wamanja, imene ndakhala mlembi wake zaka khumi ndi zinayi. Boma lasintha maganizo kachitatu. Poyamba ankati masewera ndi a aliyense, n'kutipatsa bwalo. Kenako anati ndi nkhani ya zaumoyo, n'kutipatsa mafomu. Chaka chino akuti mphamvu zonse zipite kwa ochepa okatenga mamendulo kunja, ndipo kalabu yosakwana osewera makumi atatu ibweze bwalo. A nkhonya anawalanda mwezi watha. Muholo mwawo muli matumba a simenti.

Lolemba kunabwera mkulu wa zamasewera. M'kaundula wanga munali mayina makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Anandifunsa kawiri ngati sindinaiwale wina, uku akundisunthira cholembera. Ndinayankha kuti ine sindiiwala. Mphunzitsi wa timu anangogwira kumutu, ndipo panjira anandiuza kuti ndikadzafika kumwamba ndidzayamba ndawerenga angelo ndisanapereke moni.

Dzina losowalo ndi la mdzukulu wako, Wamtali. Lamulo lathu, lomwe ndinalemba ndekha, limati wojomba katatu motsatizana achotsedwe. Iye wajomba kasanu ndi kamodzi chibwerereni kumeneko kudzakudwazika, choncho ndinatenga rula n'kudula dzina lake ngati la wina aliyense.

Mkulu uja wati adzabweranso Lachisanu la sabata yamawa, ndipo adzawerenga mitu, osati mayina. Ndagogoda makomo khumi ndi asanu ndi limodzi kufuna mtsikana wina. Makolo onse akuti sangapereke mwana ku kalabu yoti ikufa.

Pempho langa ndi limodzi: umutumize Wamtali afike kuno pofika Lachinayi. Ndikudziwa kuti ndiye amakusambitsa ndi kukutungira madzi, ndipo kuti ndikukulanda manja. Ukakana sindidzakusungira chakukhosi. Atsikanawo ndidzawaimika pamzere n'kuwauza ndekha kuti amene wawatsekera bwalo si iwe, si boma, koma ine.

Upereke moni kwa alamu, kwa mpongozi wako, ndi kwa adzukulu onse asanu ndi awiri.

Ndatha ine,
Mkulu wako