Rimoti ya Manja Awiri

Lachiwiri, 18 Juni

Chiperoni tsiku lonse. Phiri silinaoneke, zovala sizinaume.

Ababa atulukanso pakhonde lero. Chifukwa cha kathiraki kaja.

Chiwagwereni sitiroko, dzanja lamanja siligwira, mwendo wamanja amachita kuukoka. Chichewa chonse chinawathawa. Patsala timawu ta Chipwitikizi ndi Chilomwe, ta kwawo asanathawire kuno nthawi ya nkhondo. Amayi amamva. Ine ndimangogwedeza mutu. Munthu amene ankayendetsa thiraki ya nandolo kuchokera ku Milange mpaka ku Limbe, lero ntchito kuyang'ana khoma. A mafizo kuchipatala anati azituluka, aziyenda, apo ayi mwendo winawo nawo ufooka. Koma akakana, akana.

Kathirakiko ndinakatola pa mulu wa zidole za kaunjika ku Limbuli, kuti ndiziphunzirirapo mawaya. A Stella, abwana anga pa benchi yokonza mafoni, anati wophunzira ayambire pa chinthu choti akachiwononga palibe alire. Kofiira, kopanda galasi lakutsogolo. Waya wa mota anali ataduka. Nditalumikiza, kanayenda. Ndikuyesa m'nyumba sabata yatha, kanalowa kuchipinda kwa Ababa n'kukagunda mwendo wa bedi. Ndinaima pakhomo. Iwo anangotambasula dzanja lamanzere. Kufuna rimoti.

Chiyambire tsikulo akutuluka. M'chipinda malo ndi ochepa, woyendetsa amafuna msewu.

Lachinayi, 20 Juni

Rimoti yake ndi yaing'ono, timitengo tiwiri. Amaiika pabondo n'kumakankha ndi chala chachikulu. Kubwerera m'mbuyo amachita bwino kuposa ine wa manja awiri. Lero aimika pakati pa mtondo ndi ndowa osakhudza chilichonse.

Mavuto awiri. Kakangofika pa mtengo wa mango, rimoti siimvekanso, kamangoima. Ndiye mabatire. Anayi ang'onoang'ono aja, sachedwa kutha. Kakayamba kukwawa, Ababa amaika rimoti pansi, ndodo m'manja, kulowa. Osayang'ana munthu. Lero alowa tiyi asanazizire n'komwe.

Amayi akuti kagalimotoka kakudya kuposa mbuzi.

Loweruka, 22 Juni

Ndawauza a Stella za vuto la mabatire. Ndinayamba ndazungulira benchi kangapo ndisanatsegule pakamwa. Sanaseke. Anatulutsa batire ya laputopu yakufa, tinaiswa. M'kati muli mabatire ozungulira, obiriwira, otchaja. Ndawayeza onse ndi mita, limodzilimodzi, kenaka ndinabwerezanso. Awiri ndi amoyo. Kumutu kwa pulasi ndapaka kyutekisi wofiira kuti ndisasokoneze.

Akuti awiriwa mphamvu yake ndi yoposa anayi akale aja. Akuti ndisaike kaye mpaka aone ngati kabodi ka m'kati mwa thiraki kangapirire. Iwo mawa apita ku Blantyre kukaoda katundu, kubwera Lachitatu.

Mabatire ndabwera nawo kunyumba, nditakulunga m'kansalu. Kungowasunga basi.

Lolemba, 24 Juni

Ang'onoang'ono atha dzulo. Pa golosale palibe, akuti mpaka galimoto ibwere. Ababa sanatuluke dzulo, sanatuluke lero. Phala abweza theka.

Ndaonanso manambala a mphamvu ya mabatire. Akale onse pamodzi sikisi. Atsopanowa eyiti ndi pang'ono. Kusiyana kwake sikukuoneka kwakukulu.

Lachiwiri, 25 Juni

Ndawotcha kathiraki.

Ndilembe bwinobwino. Ndinabwera msanga, ndinaika mabatire atsopano, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, tepi pamwamba. Palibe pomwe ndinalakwitsa kulumikiza. Ababa atamva kulira kwa mota anatuluka okha. Kanathamanga ngati kapenga, fumbi kumbuyo, nkhuku kubalalika. Ababa anaseka. Mbali imodzi ya pakamwa, koma kuseka ndithu. Amayi anachoka kukhitchini ali ndi chipande m'manja kudzaona.

Kenaka kanaima pakati pa bwalo. Kautsi pang'ono.

Ndinakanyamula, kotentha kunsi. Ababa anakatenga, kukanunkhiza, n'kunena mawu amodzi. “Keyimo.” Amayi akuti ndiye kuti kapsa. Sanakalipe. Anandibwezera bwinobwino, anadzuka, analowa.

Bola akanakalipa.

Lachitatu, 26 Juni

A Stella atsegula. Kabodi kada pakona, kakununkha. Sikangakonzeke. Rimoti yakale nayo ntchito yatha, imangomvana ndi kabodi kake komweko.

“Iwe Nilza, munthu woyeza ngakhale madzi a tiyi, unathamangira kuti?” Misozi inagwera pa foni ya kasitomala, ndinapukuta msanga. Atandiona anasiya zonyoza, anandigulira chinangwa chokazinga. Akuti palibe wokonza zinthu amene sananunkhizepo utsi wake. Akuti tifune galimoto ina yachidole, yakufa matayala koma yamoyo m'kati, yokhala ndi rimoti yake, tisamutse zonse.

Kunyumba chitseko cha Ababa chotseka.

Loweruka, 29 Juni

Masiku onsewa kufukula milu ya zidole nthawi ya nkhomaliro. Zimbalangondo, mfuti zamadzi, ana apulasitiki opanda manja. Galimoto zilipo koma rimoti palibe. Rimoti zilipo koma za galimoto zina. Wogulitsa wina wayamba kunditchula mlamu, akuti ndikufunira mwana wathu. Anzake kuseka. Ndinangoyang'ana pansi n'kumafukulabe.

Amayi akuti Ababa akuvutika ngakhale kupita kubafa. Mwendo wamanzere wayamba kunjenjemera akaima. Ndi zomwe ananena a mafizo zija.

Ndinali ndisanawauze amayi kuti a Stella anandiletsa. Ndawauza lero. Anangoti, “Unkafuna aseke, ndipo anaseka.” Sizinandipepukitse.

Lachiwiri, 2 Julayi

Yapezeka. Yachikasu, ya mpikisano, matayala awiri palibe, rimoti yomangiriridwa pamwamba ndi selotepi. A Stella awerenga pa kabodi kake, akuti aka kanapangidwira mabatire otchaja, sikapsa. Ndinawapempha awerengenso. Anawerenganso.

Rimoti yake yokongola. Ngati mfuti, chala chimakoka kunsi kuti galimoto ipite, kukankha kuti ibwerere. Pambali pali chiwongolero chenicheni, chozungulira. Nditachiona ndinaganiza za Ababa. Chiwongolero. Adzakondwa bwanji.

Lachinayi, 4 Julayi

Ntchito yonse ndagwira ndekha, a Stella kungoyang'ana. Mawaya awiri ku mota yakumbuyo, awiri ku yokhotetsa, awiri ku batire. Ndisanadule waya aliyense ndimayamba ndamumata kapepala. Kuyesa koyamba, ndikati patsogolo kakubwerera m'mbuyo. A Stella akuti tembenuza mawaya a mota basi, si maliro. Ndinatembenuza.

Tayesa kuseri kwa msika. Kanapita mpaka pa sitolo ya simenti, rimoti ikumvekabe. Akabaza anaimika njinga kumaonerera. Wina akuti, asisi, kanganyamule matumba angati a chimanga, tikawolotse pa boda. Ndinakabisa m'chitenje n'kubwerera ku benchi.

Mabatire ndatchaja mokwanira. Mawa.

Lachisanu, 5 Julayi

Sindinaganize. Zonse ndinayeza, ichi chokha sindinaganize.

Rimoti ija ndi ya manja awiri. Lina kugwira ndi kukoka, lina kukhotetsa.

Ndinawapatsa Ababa ali pabedi. Maso anawala ataona chiwongolero. Anagwira ndi lamanzere, anakoka, kathiraki kanapita kukagunda khoma. Kuti akhotetse, asiye kukoka. Anayesa kupanira m'mabondo, inagwa. Anayesa ndi chibwano. Kenaka anayang'ana dzanja lawo lamanja, lili gone pa bulangeti, nthawi yaitali. Ine ndili chiimire. Anaika rimoti pa mpando n'kutembenukira kukhoma.

Ndawapatsa chinthu chowakumbutsa chomwe alibe.

Lamulungu, 7 Julayi

Kutchalitchi sindinamve chilichonse. Amayi akuti ndizisiye, ndayesetsa, mwina zidole si za akuluakulu. Kathiraki ndakaika pamwamba pa kabati.

Lachitatu, 10 Julayi

Dzuwa latuluka, phiri lonse poyera mpaka pamwamba. Ababa m'chipinda, zenera lotseka.

Ndinakatsitsa. Sindinapemphe. Ndinakhala pa mkeka pafupi ndi bedi n'kuyamba kuyendetsa ndekha, kukoka kokha, chiwongolero osachigwira. Khoma. Kubwerera. Mwendo wa mpando. Kubwerera. Khoma. Manyazi anandigwira koma sindinasiye. Ndinamva bedi likulira. Anatembenuka. Anandiyang'ana ngati ndathira mchere mu tiyi. Kachitatu kugunda khoma, anadzuma, dzanja lamanzere linabwera lokha pa chiwongolero.

Ine kugwira ndi kukoka, iwo kukhotetsa.

Ndikakoka kwambiri, “Divagari.” Ameneyo ndamudziwa tsopano, ndi pang'onopang'ono. “Para” ndi ima. “Atrashi” ndi m'mbuyo. Tinazungulira bedi, tinadutsa pansi pa mpando. Kenaka iwo okha analozetsa kukhomo. Kanatuluka. Tinayang'anana. Kuti tikaone komwe kapita, tinayenera kudzuka.

Takhala pakhonde mpaka mthunzi wa mango unafika pa masitepe. Chibadwire sindinakhalepo pafupi ndi Ababa nthawi yaitali chonchi. Ndili mwana ankangobwera kudzagona, m'mawa apita. Amanunkhira sopo wa amayi ndi mafuta opaka mwendo.

Loweruka, 13 Julayi

Tsiku lililonse ndikaweruka, pakhonde. Koma ndimafika dzuwa litapendeka, tsiku lonse amakhala ali gone kudikira. Sizokwanira. Akufunika aziyendetsa ine kulibe.

Ndaona chinthu. Akafuna liwiro, phazi lawo lamanzere limaponda pansi lokha. Akafuna kuima, limadzuka. Sadziwa n'komwe kuti akutero.

Ndawafunsa a Stella ngati chokoka chija chingapite kuphazi. Anatsegula rimoti. M'kati ndi timaswitchi tiwiri chabe, ka patsogolo ndi ka m'mbuyo. Akuti titulutse mawaya aatali, tigule maswitchi awiri a belu la pakhomo, tikhomere pa thabwa. Rimoti tiimangirire pa mkono wa mpando. Anandiyang'ana n'kuti, “Mutu ulipo, pakamwa pokha ndiye anakuiwala.”

Ndawafunsa katatu ngati sichipsa. Akuti ndikafunsanso andichotsa ntchito.

Lachiwiri, 16 Julayi

Thabwa latha. Ndalipala m'mbali kuti lisabaye phazi. Switchi yakumanja patsogolo, yakumanzere m'mbuyo, pakati mpata wa chidendene. Kunsi ndamata labala wa tayala la njinga kuti lisaterereke pa simenti. Ndayesa ndi phazi langa, nditabisa dzanja lamanja kumbuyo. Ndayesanso nditavala patapata wa Ababa. Zikutheka.

Ndiyenera kukondwa. Ndikukondwa. Kungoti kuyambira mawa sadzafunanso chala changa.

Lachitatu, 17 Julayi

A Stella andimasula masana. Ndinapeza Ababa ali kale pakhonde, atatuluka okha, amayi akuti sanawagwire n'komwe.

Ndinamangirira rimoti pa mpando ndi malamba a chubu, thabwa pansi. Sindinafotokoze. Anayang'ana thabwa, anayang'ana ine. Anavula patapata. Chala chachikulu cha kuphazi chinafufuza switchi, chinaponda. Kathiraki kanadumpha. Anadzutsa phazi. Anapondanso, mofatsa. Msana unawongoka. Ndi mmene ankakhalira m'thiraki, amayi akutero.

Ndinapita kukaima pafupi ndi thandala la mbale. Ntchito yanga yatha, ndinkatero mumtima.

Kanadutsa mango, kanadutsa bafa, kanakhota kuseri kwa mpanda wa chinangwa, kunjira yopita kumjigo. Kumeneko pakhonde sikuoneka. Tinangomva mota ikulira pamalo amodzi. Katitimira.

Ababa anandiloza ndi chibwano. “Ajudanti.”

Ndinayang'ana amayi. Akuseka, akuti ajudanti ndi uja amayenda ndi dalaivala, galimoto ikavuta amatsika, kukaima kumbuyo n'kumakuwa pomwe dalaivala sakuona. Ndinati ndingokanyamula ndibwere nako. Ababa anagwedeza mutu mwamphamvu. Amayi akuti thiraki sainyamula, ndipite ndikaitulutse.

Ndinapita. Tayala lakumbuyo m'kangalande. Kumjigo azimayi ambiri, zidebe pamzere, onse kundiyang'ana. Ndinati, bwererani. Ngakhale ndekha sindinadzimve. Ndinasuzumira pa mpanda, Ababa aika dzanja kukhutu, akudikira.

Ndinakuwa. “Atrashi, Ababa! Khotetsani kumanzere. Divagari. Bwerani, bwerani. Para!”

Mjigo unasiya kulira. Mayi wina akuti, kodi mwana wa a Dario amayankhula? Onse kuseka. Nkhope yanga moto. Koma kathiraki kanatuluka, kanatembenuka bwinobwino, kanabwerera kokha kunyumba, ine pambuyo pake.

Sanakaimike pakhonde. Anangokazungulitsa pa mtondo n'kukalozetsanso kunjira yomweyo. Dala. Anandiyang'ana, mbali ija ya pakamwa itakwera.

Tapita kanayi. Kukhosi kukuwawa.

Lachinayi, 18 Julayi

Mawu asasa. A Stella akufunsa ngati ndinali ku kwaya.

Amayi akuti m'mawa wonse Ababa anayendetsa okha pabwalo, kenaka anayenda ndi ndodo mpaka pa mpanda kukaona kangalande kaja. Akuti anaima pamenepo akuloza, kufuna pakwiriridwe.

Mabatire achiwiri ndiyenera kufuna, ena akamatchaja ena azigwira ntchito. Ndifunsenso amayi kumanja ndi kumanzere m'Chipwitikizi, ndiloweze. Khasu lili kuseri kwa khitchini, ndikwirire kusanade. Ababa akugogoda ndodo pa simenti, ndisiye kaye apa