Nkhope ya Kamasaya Ili m'Mafoni a Anthu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana. Kaya mwendo uja unaphwa? Kuno tilipo, Kamasaya wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Koma ine mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba mothamanga.

Paja mukudziwa kuti alamu anu anasiya ntchito n'kuyamba kampani ya mbereko zamalamba ndi mnzawo telala uja. Kampaniyo ndi tebulo lathu lodyera, makina osokera ndi laputopu basi. Lolemba lililonse amatumiza maimelo kwa eni mashopu oti sawadziwa n'komwe. Akuti ukagogoda zitseko zambiri, china chimatseguka. Koma palibe ankayankha.

Dzana ndili pamzere wa sikelo, mayi wina wovala bwino anandigwira paphewa n'kufunsa ngati mwanayu ndi Kamasaya. Achemwali, munthu sindinamuonepo chibadwire. Anatulutsa foni n'kundionetsa mwana wanga akuseka kumsana kwanga, pakhonde pathu, geti lathu lobiriwira likuoneka. Anati ali ndi shopu ya zinthu za ana ndipo mberekozo anazikonda. Zinazo sindinamve. Ndinathawa, mwana osamukweza sikelo.

Kunyumba alamu anu anavomera kuti chithunzicho amachiika mu imelo iliyonse, poti kalata youma anthu saiwerenga. Atamva za mayiyo nkhope inawala. Atamva kuti ngakhale dzina sindinafunse, anangokhala pansi. Sanandikalipire. Anandiphikira tiyi, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Ndimawakonda, ndipo ndikufuna mbereko zawo zigulidwe. Koma ngati mayi wabwino wamuzindikira mwanayu, woipa angalephere bwanji? Ndikatero amangoseka, akuti Kamasaya ndiye bwana wa zamalonda pakampanipo.

Chonde aimbireni Lolemba lisanafike. Inu amakumverani, sanaiwale mmene munawaopsezera tsiku la ukwati. Muwauze ajambule chakumbuyo, paoneke malamba ndi nkhongo ya mwana yokha, geti ayi. Mayi uja ndikamufunafuna ndekha kusikelo ya mwezi wamawa, poti nayenso anali ndi khanda m'manja. Ndikamupepesa, ndipo mbereko ndikamuveka ndi manja anga. Msana wanga dziko lonse liuone, sindikana. Nkhope ya mwanayu ikhale yathu.

Mundiperekere moni kwa ana ndi abambo awo. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kamasaya